Series kapena parallel? Mafunso ndi mayankho pa kalumikizidwe ka marezisita

Anthu ambiri amene akuphunzira zamagetsi amaloweza msanga malamulo awiri owerengera ma ohm, koma akapatsidwa chithunzi cha seketi kapena bolodi lenileni, amasowa poyambira. Nthawi zambiri masamu amakhala akuwadziwa ndithu. (Rezisita ndi kachipangizo kochepetsa karenti, kutanthauza magetsi oyenda m'waya, ndipo ma ohm, Ω, ndiwo muyeso wa mmene kamatsekerezera karentiyo.) Chimene chimawasokoneza n'kuzindikira kuti marezisita awa ali mu series, awo ali mu parallel. Mayankho ali m'munsiwa atsamira pa chinthu chimodzi: musaweruze poona mmene marezisita akhalira pa pepala, tsatirani pamene miyendo yawo yalumikizidwa.

Kodi series ndi parallel n'chiyani kwenikweni?

Rezisita aliyense ali ndi miyendo iwiri. Marezisita awiri ali mu series ngati mwendo umodzi wa woyamba walumikizana ndi mwendo umodzi wa wachiwiri, ndipo pamalo olumikiziranawo palibe chinanso chimene chingatenge karenti kapena kubweretsa ina. Njira ndi imodzi basi. Karenti yonse yotuluka mwa woyamba imalowa mwa wachiwiri, chifukwa ilibe kwina kolowera.

Marezisita awiri ali mu parallel ngati miyendo yawo yakumana mbali zonse ziwiri: mwendo wina wa uyu ndi mwendo wina wa uyo pamalo amodzi, miyendo yotsalayo nayonso pamalo ena amodzi. Apa karenti imafika pamphambano n'kugawikana, kenako imakakumananso kutsogolo. Popeza onse awiri agwira malo awiri ofanana, volteji imene ili pa wina ndi imene ilinso pa mnzakeyo.

Mwachidule, a mu series amadutsidwa ndi karenti imodzi, a mu parallel amakhala pa volteji imodzi.

Nanga nodi imene imatchulidwa kawirikawiriyi n'chiyani?

Nodi ndi malo onse amene alumikizidwa ndi waya wokhawokha, popanda chipangizo chilichonse pakati. Waya akhoza kukhala wautali, wokhotakhota, wokhala ndi nthambi zisanu, koma ngati mungayende kuchokera kumapeto ena kufika kumapeto ena osadutsa rezisita, batire, babu kapena chipangizo china, yonseyo ndi nodi imodzi. Pa maseketi ang'onoang'ono ophunzirira timatenga kuti waya alibe ma ohm, motero volteji pa nodi yonse ndi yofanana.

Munthu akamvetsa nodi, wamaliza theka la ntchito yonse.

Ndingazindikire bwanji pa chithunzi, sitepe ndi sitepe?

Tengani pensulo, kapena makrayoni a mitundu ingapo ngati alipo.

1. Yambani ku mwendo wa + wa batire. Tsatirani waya mbali zonse kumene akupita, mpaka mutagunda chipangizo. Zonse mwatsatazo zipatseni dzina loti A, kapena zipakeni mtundu umodzi.
2. Lumphani chipangizo chimodzi, muyambenso kutsatira kuseri kwake. Nodi yatsopanoyo itcheni B. Pitirizani mpaka waya aliyense atakhala ndi dzina.
3. Pambali pa rezisita aliyense lembani zilembo ziwiri za manodi amene miyendo yake yagwira, mwachitsanzo R1 ndi A-B, R2 ndi B-C, R3 ndi B-C.
4. Marezisita onse okhala ndi zilembo ziwiri zofanana ali mu parallel. Pa chitsanzochi ndi R2 ndi R3.
5. Onani nodi iliyonse. Ngati pa nodiyo pafika miyendo iwiri yokha, wina wa rezisita uyu wina wa uyo, awiriwo ali mu series.

Onetsetsani nodi B pa chitsanzochi. Pafika miyendo itatu: wa R1, wa R2 ndi wa R3. Choncho R1 sali mu series ndi R2 payekha, komanso sali mu series ndi R3 payekha. Ali mu series ndi gulu lonse la R2 ndi R3 pamodzi. Apa m'pamene ophunzira ambiri amagwera: amaona R1 ndi R2 ali pamzere umodzi wowongoka, n'kuphatikiza ma ohm awo, osaona nthambi imene yapatuka pakati pawo.

Ajambulidwa moyandikana, wina pamwamba wina pansi. Si parallel imeneyo?

Osati nthawi zonse. Wojambula akhoza kuika marezisita awiri mbali ndi mbali pofuna kusunga malo, koma waya n'kutuluka kumanja kwa wapamwamba, kukhota, n'kulowa kumanja kwa wam'munsi, miyendo yakumanzere n'kupita kosiyana. Amenewo ali mu series ngakhale akuoneka ngati njanji ziwiri. Zimachitikanso kuti wina waimirira, wina wagona, wina wapendekeka, ali kutali ndi kutali pa pepala, koma onse atatu agwira nodi A ndi nodi B. Amenewo ali mu parallel.

Pali zizindikiro zina zitatu zimene zimabisa kulumikizana. Choyamba, mizere iwiri ikadutsana popanda kadontho, nthawi zambiri sinalumikizane. Kadontho ndi kamene kamasonyeza kuti yalumikizana. Chachiwiri, zizindikiro zonse za ground (malo amene amatengedwa ngati 0 V) pa chithunzi ndi nodi imodzi, ngakhale palibe mzere wozilumikiza. Chachitatu, mizere yolembedwa dzina lofanana, monga VCC kapena +5 V, nayonso ndi nodi imodzi. Rezisita wochokera pa +5 V kupita ku ground pakona ina ya pepala ali mu parallel ndi mnzake wochokera pa +5 V kupita ku ground pakona inayo.

Kajambulidwe ka rezisita mwiniwakeyo sikasintha kanthu: ena amajambula mzere wokhotakhota ngati mano a sowo, ena kabokosi kakatali.

Ma ohm onse pamodzi ndiwerenga bwanji?

Mu series mumangophatikiza. Rezisita wa 1 kΩ (ma ohm 1,000) ndi wa 2.2 kΩ akupereka 3.2 kΩ. Pa batire la 9 V, lamulo la Ohm, limene Georg Ohm anafalitsa mu 1827, likuti karenti ndi volteji kugawa ndi ma ohm: 9 ÷ 3,200 = 0.00281 A (ma ampeya, muyeso wa karenti), kapena kuti 2.81 mA. Volteji pa rezisita wa 1 kΩ ndi 2.81 V, pa wa 2.2 kΩ ndi 6.19 V. Mukaphatikiza ziwirizi mupeza 9 V ya batire ija. Wamkulu ndiye watenga gawo lalikulu la volteji.

Mu parallel, ngati marezisita ndi awiri, chulukitsani manambala awiriwo, mugawe ndi zimene mumapeza mukawaphatikiza: 1,000 × 2,200 ÷ 3,200 = 687.5 Ω. Aliyense ali pa 9 V yathunthu. Wa 1 kΩ akukoka 9 mA, wa 2.2 kΩ akukoka 4.09 mA, batire likupereka 13.09 mA. Apa wamng'ono ndiye watenga gawo lalikulu la karenti.

Marezisita ndi omwewo, batire ndi lomwelo, koma karenti yachoka pa 2.81 mA kufika pa 13.09 mA chifukwa chongosuntha miyendo.

Akakhala atatu kapena kuposa mu parallel?

Njira yachidule ija ndi ya awiri okha. Anthu ena amachulukitsa manambala atatu n'kugawa ndi chiwerengero cha onse atatu ophatikiza, ndipo yankho limakhala lolakwika kutalitali. Njira zolondola zilipo ziwiri.

Yoyamba: gawani 1 ndi rezisita aliyense, phatikizani, kenako gawaninso 1 ndi zimene mwapezazo. Tiyese ndi 100 Ω, 220 Ω ndi 330 Ω. Tipeza 0.01 + 0.004545 + 0.003030 = 0.017575. Musaimire pamenepo. Sitepe yomalizayi ndi imene imaiwalika kwambiri: 1 ÷ 0.017575 = 56.9 Ω.

Yachiwiri: tengani awiriawiri. 100 ndi 220 akupereka 68.75 Ω. Kenako 68.75 ndi 330 akupereka 56.9 Ω. Yankho ndi lomwelo.

Marezisita akakhala ofanana onse, gawani mmodzi ndi kuchuluka kwawo. Anayi a 1 kΩ mu parallel ndi 250 Ω.

N'chifukwa chiyani ma ohm amachepa ndikawonjezera rezisita mu parallel? Zikuoneka zosamveka.

Zimadabwitsa poyamba chifukwa timaganiza kuti rezisita aliyense ndi chotchinga, ndiye zotchinga zikachuluka karenti iyenera kuchepa. Koma rezisita ndi njiranso, kungoti ndi yopapatiza. Ganizirani thanki yamadzi yokhala ndi paipi imodzi yotulutsira. Mukaboola n'kuikapo paipi yachiwiri, ngakhale yopyapyala chotani, madzi otuluka achuluka, sangachepe. Paipi yoyamba ikutulutsa monga kale, yachiwiri yangowonjezera ake.

Pamenepa pali poyesera yankho lanu popanda kakyuleta. Mu parallel, yankho liyenera kukhala lochepa kuposa rezisita wamng'ono kwambiri m'gululo. Mu series, liyenera kuposa wamkulu kwambiri. Mukapeza 150 Ω pa gulu la parallel limene muli rezisita wa 100 Ω, mwalakwitsa penapake, bwererani.

Seketi yosakaniza ndiiyamba pati?

Yambani kutali ndi batire, pa kagulu kamene mukutsimikiza kuti ndi series yeniyeni kapena parallel yeniyeni. Kagulu kameneko kasandutseni rezisita mmodzi, mujambulenso seketi yonse. Musachite ulesi kujambulanso. Zolakwa zambiri zimabwera pofuna kusunga zonse m'mutu.

Nachi chitsanzo. Batire la 12 V, R1 wa 470 Ω kuchokera pa A kupita pa B, kenako R2 wa 1 kΩ ndi R3 wa 1.5 kΩ onse kuchokera pa B kupita pa C.

R2 ndi R3 mu parallel: 1,000 × 1,500 ÷ 2,500 = 600 Ω. Tsopano pa nodi B patsala miyendo iwiri yokha, wa R1 ndi wa rezisita wongoganizira wa 600 Ω, choncho ali mu series: 470 + 600 = 1,070 Ω. Karenti yochokera m'batire ndi 12 ÷ 1,070 = 11.2 mA.

Kenako bwererani m'mbuyo. Pa R1 pali 0.0112 × 470, pafupifupi 5.27 V. Zotsala, 6.73 V, zili pa gulu la parallel, kutanthauza pa R2 komanso pa R3. Mwa R2 mukudutsa 6.73 mA, mwa R3 mukudutsa 4.49 mA. Ziwirizi pamodzi zikubweza 11.2 mA ija. Kuonetsetsa kotereku kukuchokera pa malamulo a Gustav Kirchhoff a mu 1845: karenti yolowa pa nodi imafanana ndi yotuluka, ndipo mavolteji onse a pa zipangizo mukazungulira njira yotsekeka amakwana volteji ya batire.

Cholakwika chofala pa chitsanzo ngati ichi n'kuika 12 V yonse pa R2. Koma R2 sakugwira mwendo wa + wa batire. Pakati pali R1 amene wadya kale gawo lake.

Kodi rezisita aliyense amayenera kukhala mu series kapena mu parallel ndi wina?

Ayi. Chitsanzo chodziwika ndi Wheatstone bridge, imene Samuel Hunter Christie anaifotokoza mu 1833 ndipo Charles Wheatstone anaitchukitsa mu 1843. Muli manodi anayi ndi marezisita asanu: A-C, C-B, A-D, D-B, ndi wachisanu C-D wodutsa pakati. Yesani njira ya zilembo ija. Palibe awiri okhala ndi zilembo zofanana, ndiye parallel palibe. Pa C pafika miyendo itatu, pa D chimodzimodzi, ndipo pa A ndi pa B pafikanso miyendo ya batire, ndiye series palibenso.

Pali nthawi imodzi imene imaphweka. Ngati A-C kugawa ndi C-B kukufanana ndi A-D kugawa ndi D-B, volteji pa C ndi pa D imafanana, ndipo mwa rezisita wapakati simudutsa karenti. Mukhoza kumuchotsa powerengera. Mwachitsanzo, 100 Ω ndi 200 Ω mbali imodzi, 150 Ω ndi 300 Ω mbali inayo: mutsala ndi 300 Ω mu parallel ndi 450 Ω, zimene ndi 180 Ω. Zikapanda kufanana chonchi, pamafunika malamulo a Kirchhoff. Chofunika pa msinkhu uno n'kuizindikira seketi yotere, kuti musaikakamize kulowa m'malamulo amene siyake.

Pa breadboard ndiona bwanji?

Breadboard ndi bolodi la mabowo loyeserapo maseketi popanda kuwotcherera. Muyenera kudziwa zimene zili kunsi kwa mabowo. Pakatikati pa bolodi, mabowo asanu aliwonse a pamzere umodzi ndi olumikizana ndi kachitsulo mkati. Amenewo ndi nodi imodzi. Ngalande yapakati imalekanitsa asanu a mbali iyi ndi asanu a mbali iyo. Mizere italiitali ya m'mphepete, yolembedwa + ndi −, imalumikizana motsata utali wa bolodi, koma pa mabolodi ena imaduka pakati, ndiye ndi bwino kuyeza musanaikhulupirire.

Pomanga series: R1 kuchokera pa mzere 5 kupita pa mzere 10, R2 kuchokera pa mzere 10 kupita pa mzere 15, ndipo pa mzere 10 pasalowe chinanso. Pomanga parallel: onse awiri kuchokera pa mzere 5 kupita pa mzere 10.

Zolakwika zimene zimachitika kwambiri ndi ziwiri. Kulowetsa miyendo yonse iwiri ya rezisita m'mabowo asanu a mzere umodzi: kachitsulo ka mkati kamamulambalala, ndipo amakhala ngati palibe. Ngati ndiye amateteza LED (kababu kakang'ono ka magetsi), LED imapsa nthawi yomweyo. Chinacho n'kuphonya ndi bowo limodzi, mwendo wina pa mzere 10 wina pa mzere 11. Poyang'ana zimaoneka zolumikizana, koma seketi ndi yotseguka.

Nanga pa bolodi lowotcherera kale, monga la mu wailesi kapena chaja?

Zimitsani, chotsani batire kapena pulagi, ndipo onetsetsani kuti makapasita (zipangizo zosunga magetsi) akuluakulu alibe moto, chifukwa ena amasunga volteji yoopsa kwa kanthawi chipangizo chitazimitsidwa. Kenako ikani multimeter, mita yoyezera volteji, karenti ndi ma ohm, pamalo pamene imalira mawaya ake akagundana. Gwirani mwendo umodzi wa R1 ndi mwendo umodzi wa R2. Ikalira ndipo ikuonetsa pafupifupi 0 Ω, ndi nodi imodzi. Yesani mapeyala onse anayi a miyendo. Mapeyala awiri osiyana akalira, ali mu parallel. Peyala imodzi yokha ikalira, tsatirani kanjira ka kopa kochokera pamenepo muone ngati sikanapatuke kupita kwina. Kakapanda kupatuka, ali mu series.

Muzionanso nambala, osadalira kulira kokha. Mamita ambiri amalira ngakhale pa ma ohm makumi angapo, motero rezisita wa 10 Ω amene ali pakati pa malo awiri akhoza kukunamizani kuti ndi waya. Mabolodi ambiri alinso ndi tinjira mbali zonse ziwiri, ena mpaka mkati, ndiye maso okha sakwanira.

Ndayeza rezisita ali pa bolodi, mita ikuonetsa zochepa kuposa ma ohm amene mizere ya mitundu ya pa iye ikusonyeza. Wafa?

Kawirikawiri sanafe. Mita ikuyeza iyeyo pamodzi ndi njira zina zonse zimene zili mu parallel naye, ndipo parallel imatsitsa ma ohm nthawi zonse. Pa chitsanzo chathu chija, mukayeza R2 wa 1 kΩ osamuchotsa mupeza 600 Ω. Kuti mudziwe zenizeni, sungunulani mwendo umodzi muukweze m'mwamba, kenako yezani.

Koma mita ikaonetsa zochuluka kwambiri kuposa zolembedwa, pamene moto wazimitsidwa ndipo makapasita ndi opanda kanthu, mukayikireni rezisitayo. Njira za parallel sizingakweze nambala. Marezisita akapsa, nthawi zambiri ma ohm awo amakwera kapena amadukiratu mkati.

Kumbukiraninso malire a wopanga. Mzere wagolide kumapeto ukutanthauza 5 peresenti, choncho wa 1 kΩ akhoza kuonetsa pakati pa 950 Ω ndi 1,050 Ω ali bwinobwino. Ndipo poyeza marezisita akuluakulu, monga a 1 MΩ, musagwire miyendo yonse iwiri ndi zala. Thupi lanu limalowa mu parallel ndi rezisitayo, nambala n'kutsika.

Ndikapeza volteji yofanana pa marezisita awiri, ndiye kuti ali mu parallel?

Ayi, umenewo si umboni wokwanira. Marezisita awiri a 1 kΩ mu series pa 9 V aliyense aonetsa 4.5 V. Mavolteji afanana chifukwa marezisitawo ndi ofanana, osati chifukwa cha parallel. Chimodzimodzi, awiri ofanana mu parallel amadutsidwa ndi karenti yofanana, koma sali mu series. Muyeso umathandiza kwambiri pokana: mavolteji akasiyana, ndiye kuti sali mu parallel, makarenti akasiyana, sali mu series. Potsimikiza, bwererani ku manodi.

Mita ndiilumikiza mu series kapena mu parallel?

Poyeza volteji, mu parallel: nsonga imodzi mbali iyi ya rezisita, ina mbali iyo, osadula chilichonse. Poyeza karenti, mu series: dulani njira, muike mita pamalo odukawo kuti karenti idutse mkati mwake.

Kusokoneza ziwirizi kumawononga zinthu. Mita ikakhala pa mA kapena pa A imakhala ngati waya wamba. Mukaigwiritsa pa miyendo iwiri ya batire, mwapanga shoti, ndipo fyuzi ya mkati imapsa. Pa gwero lamphamvu ngozi yake imaposa pamenepo. Zolowerani kubweza waya wofiira ku bowo la V mukangomaliza kuyeza karenti.

Poyeza volteji namo muli kamsampha. Multimeter zambiri za manambala zili ndi pafupifupi 10 MΩ mkati, ndipo ma ohm amenewo amalowa mu parallel ndi chimene mukuyeza. Pa marezisita ang'onoang'ono sizioneka. Koma ikani awiri a 10 MΩ mu series pa 9 V. Pakati payenera kukhala 4.5 V, koma mita idzaonetsa pafupifupi 3 V, chifukwa rezisita amene mukuyezayo pamodzi ndi mita asanduka 5 MΩ.

Ndinagawa volteji ndi marezisita awiri, koma nditalumikiza chipangizo volteji inagwa. Chachitika n'chiyani?

Mwaswa series ija. Marezisita awiri a 10 kΩ pa 12 V amapereka 6 V pakati pawo malinga ngati pa nodi yapakatiyo palibe chotenga karenti. Mukalumikizapo chipangizo cha 10 kΩ kupita ku ground, chimakhala mu parallel ndi rezisita wam'munsi, awiriwo n'kukhala 5 kΩ. Volteji imatsika kufika pa 12 × 5 ÷ 15 = 4 V. Chipangizo chikakhala cha 1 kΩ, patsala pafupifupi 1 V yokha.

Njira imeneyi ndi yabwino popereka volteji ku chinthu chokoka karenti yochepa kwambiri, monga mwendo woyezera wa microcontroller (kakompyuta kakang'ono ka pa chip imodzi). Siyoyenera kuyendetsera mota kapena kuyatsira mababu. Pamenepo pafunika regulator, chipangizo chosunga volteji kuti isasinthe.

Ndi uti amene amatentha kwambiri?

Mu series ndi wa ma ohm ambiri, chifukwa karenti ndi imodzi ndipo mawati (W, muyeso wa mphamvu yosanduka kutentha) ndi karenti × karenti × ma ohm. Mu parallel ndi wa ma ohm ochepa, chifukwa volteji ndi imodzi ndipo mawati ndi volteji × volteji ÷ ma ohm.

Kusintha kalumikizidwe kukhoza kupsereza rezisita amene anali bwino. Tengani 100 Ω ndi 220 Ω, onse a kotala wati, 0.25 W, pa 9 V. Mu series karenti ndi 28 mA. Wa 100 Ω akutaya 0.08 W, wa 220 Ω akutaya 0.17 W, onse ali m'malire. Mu parallel wa 100 Ω akutaya 81 ÷ 100 = 0.81 W, kuposa katatu zimene angapirire, ndipo wa 220 Ω akutaya 0.37 W, nayenso wapyola. Ngati gwero likupirira kupereka karentiyo, mudzamva kununkha kwa utoto wopserera. N'chifukwa chake pophunzira ndi batire la 9 V timalangiza marezisita a 1 kΩ kupita m'mwamba. Pa ntchito yokhalitsa, sankhani rezisita wopirira kawiri mawati amene mwawerengera.

Ndilibe rezisita wa nambala imene ndikufuna. Ndingamupange?

Inde, ndipo apa m'pamene chidziwitsochi chimapindulitsa tsiku ndi tsiku. Marezisita wamba amapangidwa m'manambala oikika, monga a mndandanda wa E12: 10, 12, 15, 18, 22, 27, 33, 39, 47, 56, 68, 82, ndi omwewa ochulukitsidwa ndi 10, 100, 1,000 ndi kupitirira. Mukafuna 5 kΩ, ikani awiri a 10 kΩ mu parallel. Mukafuna 2 kΩ, awiri a 1 kΩ mu series. Mukafuna kutsitsa pang'ono, ikani wamkulu kwambiri mu parallel: 1 kΩ ndi 10 kΩ akupereka 909 Ω, pamene 1 kΩ ndi 100 kΩ akupereka 990 Ω.

Mawati nawonso mukhoza kuwachulukitsa. Tengani anayi a 100 Ω a kotala wati. Lumikizani awiri mu series, awiri enawo mu series, kenako mizere iwiriyo mu parallel. Mwabwerera pa 100 Ω, koma gululo likupirira 1 W chifukwa kutentha kwagawikana panayi mofanana. Kugawikana mofananaku kumachitika pokhapokha marezisitawo ali ofanana.

Ma LED angapo angagwiritse ntchito rezisita mmodzi?

Akakhala mu series, inde. Ma LED ofiira atatu, iliyonse ikudya pafupifupi 2 V, pa 9 V atsala ndi 3 V. Rezisita wa 150 Ω apereka 20 mA, wa 330 Ω apereka pafupifupi 9 mA, ndipo karenti imeneyo imadutsa mwa onse mofanana.

Akakhala mu parallel kuseri kwa rezisita mmodzi, sitikulangiza. Ma LED safanana ndendende. Imene imayaka pa volteji yotsikirapo imakoka karenti yambiri, imatentha, ndipo ikatentha imakokanso yochuluka. Ikafa, karenti yake imagwera otsalawo. Mukasakaniza yofiira ndi yabuluu, yofiira imayaka yokha chifukwa yabuluu imafuna pafupifupi 3 V. LED iliyonse ipatseni rezisita wake mu series, kenako nthambizo muziike mu parallel. Pa 5 V, LED yofiira ndi rezisita wa 330 Ω zimakoka pafupifupi 9 mA pa nthambi iliyonse.

Rezisita mmodzi akaduka kapena akachita shoti, zizindikiro zake n'zotani?

Mu series, mmodzi akaduka karenti imaima paliponse. Yezani volteji pa rezisita aliyense moto uli woyaka: abwino onse aonetsa 0 V, wodukayo aonetsa volteji yonse ya batire. Imeneyi ndi njira yachangu kwambiri yomupezera. Mmodzi akalambalalidwa ndi shoti, pa iye pamakhala 0 V, karenti imakwera, ndipo anzake amasenza volteji yochuluka.

Mu parallel yolumikizidwa molunjika ku batire, mmodzi akaduka anzake amapitiriza ngati palibe chachitika. Karenti yonse yokha ndiyo imatsika, n'chifukwa chake vutoli limabisala. Koma shoti pa nthambi imodzi ndi shoti pa gulu lonse.

Seketi yosakaniza imaonetsa zina. Pa chitsanzo cha 12 V chija, R3 akaduka patsala 470 + 1,000 = 1,470 Ω. Karenti ya batire imatsika kuchoka pa 11.2 mA kufika pa 8.16 mA, koma volteji pa R2 imakwera kuchoka pa 6.73 V kufika pa 8.16 V, chifukwa R1 tsopano akudya zochepa. Mukapeza volteji yokwera pa gulu la parallel pamene karenti ya batire yatsika, zimitsani, kwezani mwendo umodzi wa rezisita aliyense wa m'gululo, muwayeze mmodzimmodzi.